Momwe Mungadziwire Tanthauzo la Liwu la Chingerezi Lakuti "Subject" Paliponse Pomwe Mwalipeza

Mwana wa mlongo wanga atamaliza maphunziro auphunzitsi anatumiza imelo yofunsira ntchito kusukulu ina yomwe si yaboma, ndipo patapita masabata angapo osamva kanthu anabwera kudzandionetsa zimene analemba. Kalatayo inalibe chilema, koma m'kabokosi kapamwamba kolembedwa kuti "Subject" iye anaikamo mawu akuti "Biology and Agriculture". Nditamufunsa chifukwa chake, anandiyang'ana modabwa n'kunena kuti, "Amalume, nanga subject si phunziro? Ine ndimayesa akufunsa zomwe ndingathe kuphunzitsa." Tanthauzo limenelo ndi lomwe tonsefe tinayamba kulidziwa tili kupulayimale, choncho sindinamuseke. Vuto ndi lakuti liwuli lili ndi matanthauzo ena angapo, ndipo m'Chichewa mulibe liwu limodzi lomwe lingawasenze onse.

Amene amapunthwa pa liwuli si ophunzira okha. Alipo osaina mapepala a ngongole, olandira makalata owaitana kuntchito, ngakhalenso omasulira pamisonkhano ya chitukuko. Njira ili m'munsiyi yagona pa lamulo limodzi, lakuti musamasulire liwuli palokha musanaone mawu amene ayandikana nalo.

Zofunika kukhala nazo pafupi

- Chiganizo chonse chomwe muli liwuli, ndipo ngati ndi fomu kapena chikalata cha mgwirizano, tsamba lonse.
- Dikishonale ya Chingerezi chokhachokha, ya buku kapena ya pafoni, yomwe imaonetsa mtundu wa mawu ndi ziganizo zachitsanzo. Yomasulira Chingerezi m'Chichewa imathandiza, koma kawirikawiri imangopereka mawu awiri kapena atatu osafotokoza kuti lililonse likwanira pati.
- Pensulo yodulira mzere kunsi kwa mawu, ndi kope lolembamo kumasulira kwanu.
- Ngati n'kotheka, foni yomwe ingakumveketsereni katchulidwe ka liwuli.

Sitepe 1: Onani mawu oyandikana nalo ndi mathero ake

Dulani mzere kunsi kwa liwu lomwe lili kumanzere kwa "subject" ndi lomwe lili kumanja kwake. Ngati kumanja kuli "to" ndipo kumanzere kulibe "a", "the", "this" kapena "his", pitani pa sitepe 2. Koma ngati liwuli lathera ndi "-ed" kapena "-ing", ndiye kuti ndi mneni ngakhale kumanja kuli "to", ndipo mupite pa sitepe 3. Ngati kumanzere kuli "a", "the", "my", "his" kapena nambala, ndiye kuti ndi dzina, ndipo yankho lanu lili pakati pa sitepe 4 ndi sitepe 7.

Chenjezo: si "to" aliyense amene akutanthauza sitepe 2. M'chiganizo chakuti "Politics is a subject to avoid at a funeral", kutsogolo kwa liwuli kuli "a" ndipo "to" akutsatidwa ndi mneni, kotero tanthauzo lake ndi lakuti ndale ndi nkhani yoyenera kuipewa pamaliro.

Sitepe 2: Mukapeza "subject to", werengani pang'onopang'ono kawiri

Pano ndi pomwe anthu amatayira ndalama ndi chiyembekezo, chifukwa mawu awiriwa amakonda kubisala kumapeto kwa chiganizo chosangalatsa, pomwe wowerenga amakhala atayamba kale kumwetulira. Ali ndi ntchito zitatu, ndipo muziyese motsatana.

Yambani mwaika mawu akuti "pokhapokha ngati" kapena "malinga ngati" m'malo mwake. Kalata ikati "You have been offered the post subject to a satisfactory medical report", ikunena kuti ntchitoyo mudzaiyamba pokhapokha ngati zotsatira zakuchipatala zili bwino. Ntchitoyo sinakhale yanu, choncho musathamangire kukatsanzika kumene mukugwira panopa. Chimodzimodzi "Allowances will be paid subject to availability of funds" akutanthauza kuti ndalama za alawansi mudzalandira zikapezeka, ndipo zikapanda kupezeka wolembayo anadziteteza kale. Aliyense amene anakhalapo pamaphunziro a masiku atatu n'kubwerera kwawo ndi lonjezo lokha amachidziwa chiganizo chimenechi.

Ngati "pokhapokha ngati" sakukwanira, yesani "chili pansi pa" kapena "chiyenera". Mukawerenga kuti "Imported goods are subject to duty", tanthauzo lake ndi lakuti katundu wolowa m'dziko, kaya wadzera pachipata cha Mwanza, Dedza, Mchinji kapena Songwe, ayenera kulipiridwa msonkho. "All staff are subject to these rules" ndiko kunena kuti malamulowa akukhudza wogwira ntchito aliyense mosapatula.

Ntchito yachitatu ndi yosonyeza kuti chinthu chingathe kuchitika, kapena chimachitika kawirikawiri. "Prices are subject to change without notice" ndi mawu ochenjeza kuti mitengo ikhoza kusintha nthawi iliyonse inu osauzidwa. "Nsanje and Chikwawa are subject to flooding" akunena kuti maboma awiriwa amavutika kawirikawiri ndi madzi osefukira. Sakunena kuti madzi asefukira lero.

M'zikalata zamalamulo muli kagwiritsidwe kena komwe n'kofunika kukadziwa. Gawo likayamba ndi mawu onga "Subject to clause 5", likukuuzani kuti zonse zomwe litanene zili pansi pa ndime 5, ndipo ziwirizo zikasemphana, ndime 5 ndi yomwe ipambane. Lekani kuwerenga pomwepo, pitani mukawerenge ndime 5, kenako mubwerere. Liwu lotsutsana nalo ndi "notwithstanding", lomwe limasonyeza kuti gawo mukuwerengalo ndi lomwe lili ndi mphamvu kuposa linalo. Kusokoneza mawu awiriwa kumatembenuza tanthauzo lonse la mgwirizano.

Chenjezo: pomasulira m'Chichewa musadumphe mawuwa poganiza kuti ndi okometsera chabe. Womasulira akauza anthu pabwalo kuti "mjigo ukumbidwa chaka chino" pomwe mlendo ananena kuti "subject to approval", wawalonjeza chinthu chomwe mwini wake sanalonjeze.

Sitepe 3: Likakhala mneni, funani chowawa chomwe chikunenedwa

Monga mneni, liwuli limatanthauza kuchititsa munthu kapena chinthu kukumana ndi zinazake, ndipo pafupifupi nthawi zonse zimakhala zowawa kapena zovuta. Kamangidwe kake ndi kakuti wina "subjects" mnzake "to" chinachake, kapena wina "was subjected to" chinachake. Ndime 5 ya chikalata cha United Nations cha ufulu wachibadwidwe cha mu 1948 imayamba ndi mawu akuti "No one shall be subjected to torture", kutanthauza kuti munthu aliyense asazunzidwe. Gawo 19 la Malamulo Oyendetsera Dziko la Malawi a mu 1994 limagwiritsa ntchito mitundu yonse iwiri moyandikana: "subject to" poletsa kuzunza munthu, ndi "subjected to" poletsa kuyeserera zachipatala kapena zasayansi pa munthu iye asanavomere.

Pomasulira, musavutike kufunafuna mneni wa Chichewa wofanana nalo. Tengani chowawacho, chisandutseni mneni, ndipo chiganizo chituluka chokha. "The workers were subjected to insults" ndi "Antchitowo ankatukwanidwa". "She was subjected to long questioning" ndi "Anamupanikiza ndi mafunso kwa nthawi yaitali". M'nkhani zasayansi mneniyu alibe nkhanza, amangosonyeza kuyesa, monga chitsulo chikaikidwa pamoto waukulu kuti aone kulimba kwake.

Katchulidwe nakonso kamasintha. Likakhala dzina, kapena mu "subject to" wa sitepe 2, mphamvu imagwera kumayambiriro, SUB-ject. Likakhala mneni, imagwera kumapeto, sub-JECT. Ambirife timangoti sabujekiti paliponse ndipo timamvana, koma pa intaviyu kapena powerenga nkhani pagulu kusiyanaku kumamveka.

Chenjezo: musagwiritse ntchito mneniyu pa zinthu zabwino. Mukalemba kuti alendo "were subjected to a warm welcome", wowerenga aganiza kuti mukunyogodola amene anawalandira.

Sitepe 4: Ngati nkhani ndi ya sukulu, ndi phunziro

Ili ndi tanthauzo lodziwika kwa aliyense: Masamu, Chichewa, Biology, Geography, Agriculture. Fomu ikafunsa "Subjects passed" kapena ikakhala ndi mizere ya "Subject" ndi "Grade", koperani mayina a maphunziro monga momwe alembedwera pa satifiketi yanu ya MANEB, pamodzi ndi nambala ya giredi, yomwe pa MSCE imayambira 1 kulekeza 9. Amene analemba mayeso kale ali ndi Physical Science pa satifiketi, ndipo alembe momwemo, asaigawe kukhala Physics ndi Chemistry potengera silabasi ya masiku ano.

Msampha uli m'Chichewa chathu chomwe, chifukwa liwu lakuti phunziro timaligwiritsa ntchito pa zinthu zomwe Chingerezi chimazisiyanitsa. Masamu onse ndi "subject", mphindi zomwe mphunzitsi waima kutsogolo kwa kalasi ndi "lesson", kachigawo komwe akuphunzitsa tsikulo ndi "topic", ndipo maphunziro a zaka zingapo kukoleji, monga a unamwino, ndi "course" kapena "programme".

Sitepe 5: Ngati ndi imelo, kalata kapena zokambirana, ndi mutu wa nkhani

Kabokosi ka "Subject" pa imelo kamagwira ntchito yomweyo ya mzere wodulidwa kunsi umene timalemba m'kalata yantchito pambuyo pa malonje. Lembanimo mawu ochepa onena chomwe kalatayo yadzera, monga "Application for the post of Biology teacher". Ngati chidziwitso cha ntchitoyo chinapereka nambala kapena mawu oti mulembe pamenepo, koperani ndendende osasintha chilembo, chifukwa maofesi ena amasankhula makalata potengera mzere umenewu. Musasiye kabokosika kopanda kanthu, musalembemo moni, ndiponso musathiremo kalata yonse n'kusiya m'munsi mwa mbee.

M'zolankhula, tanthauzo lake ndi nkhani. "Let us change the subject" ndi "Tiyeni tikambe zina", ndipo "on the subject of fees" ndi "pa nkhani ya fizi". Mulaibulale, "subject" ndi gulu la nkhani lomwe buku laikidwamo, monga zaulimi kapena zaumoyo.

Sitepe 6: Ngati ndi funso la galamala, ndi mwininkhani

Mayeso a Chingerezi akati "Underline the subject", akufuna mwininkhani, amene ndi munthu kapena chinthu chomwe chiganizo chikukamba ndiponso chomwe mneni akugwirizana nacho. Kuti mumupeze, yambani mwapeza mneni, kenako dzifunseni kuti "ndani?" kapena "n'chiyani?" kutsogolo kwa mneniyo. Mu "The hungry children ate the mangoes" mneni ndi "ate", ndipo amene anadya ndi "The hungry children". Dulani mzere kunsi kwa gulu lonse la mawuwo, kupatula ngati funso lafuna dzina lokha. Mangowo ndi pamtherankhani.

Ophunzira ambiri analoweza kuti mwininkhani ndi wochita ntchito, ndipo zimenezi zimawagwetsa akakumana ndi mneni wochitidwa poyera. Mu "Mbuzi yalumidwa ndi galu" woluma ndi galu, koma mwininkhani ndi mbuzi, ndipo umboni wake ndi wakuti mneni wayamba ndi "ya-" wa mbuzi osati "wa-" wa galu. Chingerezi chake, "The goat was bitten by the dog", chimayenda chimodzimodzi. Enanso analoweza kuti mwininkhani ndi liwu loyamba m'chiganizo, koma mu "Where are the children?" ali kumapeto, ndipo mu "Yesterday my uncle arrived" liwu loyamba likungonena nthawi.

Pali malo anayi pomwe Chichewa chathu chimatikokera kolakwika tikamalemba Chingerezi, ndipo ndi bwino kuwayang'ana mwadala pa chimangirizo chilichonse musanachipereke.

Oyamba ndi akuti m'Chichewa mwininkhani amalowa m'kati mwa mneni. Tikati "Akubwera" chiganizo chakwana, chifukwa "a-" wanena kale za munthuyo. Chingerezi sichilola zimenezo, kotero "Is coming" ndi chiganizo chopanda mutu, ndipo pafunika "He" kapena "She". Komanso musabwereze mwininkhani potengera Chichewa, monga "My brother he is coming", pomwe wolembayo wamasulira "mchimwene wanga" ndiponso "a-" wa mu "akubwera".

Achiwiri ndi ulemu. Ife timati "Agogo akudwala" pokamba za munthu mmodzi, ndipo ophunzira ena amalemba "My grandmother are sick" kapena kuwatchula agogowo kuti "they" poopa kuoneka amwano. Chingerezi chimawerenga anthu, sichiwerenga ulemu, choncho munthu mmodzi ndi "is" ngakhale atakhala mfumu yaikulu. Ine ndemwe zimandiwawabe pang'ono kulemba "she" ndikamanena mayi anga, koma chiyankhulocho n'chaeni ndipo lamulo lake ndi limenelo.

Achitatu ndi ziganizo za nyengo, nthawi ndi malo. Timati "Kukuzizira" kapena "Kumudzi kwabwera alendo", mneni n'kugwirizana ndi malo. Chingerezi chimafuna kaliwu kodzaza mpando wa mwininkhani ngakhale kalibe tanthauzo, ndiye chifukwa chake amati "It is cold" ndi "There are visitors at home". Kumbukirani kuti pambuyo pa "There" mneni amatsatira dzina lomwe likubwera kutsogolo, "There is a visitor" koma "There are visitors".

Achinayi ndi mwininkhani wautali. Mu "The price of tomatoes has gone up" chomwe chakwera ndi mtengo, ndipo mtengowo ndi umodzi, kotero mneni ndi "has". Diso limakopeka ndi "tomatoes" chifukwa ndi lomwe lagundana ndi mneni. Phimbani ndi chala mawu onse oyamba ndi "of", "in" kapena "with" amene ali pakati, muwerenge zotsalazo, ndipo mneni woyenera aonekera. Njira yomweyi imathandiza pa "One of my friends is a nurse".

Sitepe 7: Ngati liwuli likunena za munthu, dzifunseni kuti ali pansi pa yani

Nyuzipepala za Chingerezi zikalemba kuti "The chief advised his subjects", zikunena anthu a mfumuyo, ndipo m'Chichewa timangoti "anthu ake" kapena "anthu a m'dera lake". Achewa amene amasonkhana ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia pamwambo wa Kulamba amachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, ndipo onse angatchedwe "subjects" a Kalonga Gawa Undi ngakhale ali nzika za mayiko atatu osiyana. Chitsanzo chimenechi chikuonetsa bwino kusiyana kwa mawu awiriwa: "subject" ali pansi pa mfumu, pomwe "citizen" ndi nzika ya dziko. M'mabuku a mbiri mudzapeza "British subject", kutanthauza munthu wa pansi pa ufumu wa Britain, koma anthu a ku Nyasaland m'malamulo a nthawiyo ankatchedwa "British protected persons", pakuti dzikoli linali lotetezedwa ndi Britain mpaka ufulu wa mu 1964.

M'malipoti a kafukufuku, "subjects" ndi anthu amene ayezedwa kapena kufunsidwa mafunso, ngakhale masiku ano ofufuza ambiri amakonda liwu lakuti "participants" chifukwa limapereka ulemu kwa otenga nawo mbali. M'malamulo oteteza mbiri ya anthu, "data subject" ndi mwini wa dzina, nambala ya foni kapena chithunzi chomwe kampani ikusunga, kutanthauza inuyo. Kwa wojambula zithunzi, "subject" ndi munthu kapena chinthu chomwe chikujambulidwa.

Mukasankha tanthauzo, lembani chiganizo chonse m'Chichewa m'kope mwanu n'kuchiwerenga mokweza. Chikamveka ngati cholankhula munthu wakumwa, bwererani pa sitepe 1.

Zolakwika zomwe zimachitika kawirikawiri

Chofala kwambiri ndi kusokoneza "subject to" ndi "subjected to". Wolemba mgwirizano akati malipiro "are subjected to tax" pomwe amafuna kunena kuti ayenera kudulidwa msonkho, anayenera kulemba "are subject to tax". Mosemphanitsa, wodandaula kuti anamenyedwa alembe "I was subjected to beatings", chifukwa zinachitikadi, pomwe "subject to" amangosonyeza kuti zikhoza kuchitika.

China ndi kuika mneni wosasintha pambuyo pa "subject to". Apa "to" amatsatidwa ndi dzina kapena mneni wothera ndi "-ing", choncho "subject to pay the fees" n'cholakwika, ndipo cholondola ndi "subject to payment of fees" kapena "subject to paying the fees". Mu "subject to change", liwu lakuti "change" ndi dzina, ndipo ndi lomwe limanamiza anthu kuti mneni aliyense angakhalepo.

Ena amaganiza kuti "subjective" ndi chinthu chokhudza maphunziro a kusukulu. Liwu limeneli limatanthauza zotengera maganizo a munthu payekha, ndipo lotsutsana nalo ndi "objective", zotengera umboni. Wina akakuuzani kuti lipoti lanu ndi "subjective", sakukuyamikirani.

Palinso chizolowezi choyankha imelo yakale pofuna kuyambitsa nkhani yatsopano, mutu wakalewo n'kuusiya momwemo. Zotsatira zake n'zakuti pempho lanu la tchuthi limafika kwa abwana lili ndi mutu wa msonkhano wa mwezi watha, ndipo likadzafunika silipezeka. Nkhani ikasintha, yambani imelo ina ndi mutu wake.

Chomaliza chimachitika pa mayeso a galamala, pomwe wophunzira wapatsidwa chiganizo cholamula monga "Close the door" n'kudula mzere kunsi kwa "the door". Chitsekocho ndi pamtherankhani. Mwininkhani wa chiganizo chotere ndi "you" wosalembedwa, monga momwe "Tsekani chitseko" amanenera "inu" popanda kumutchula, ndipo funso likafuna mwininkhani, yankho lake ndi kulemba "you" n'kufotokoza kuti ndi wobisika.